Gaviscon Infant: amachepetsa kubzikula, koma vuto la kumeza salikhudza

Azimayi ambiri a kwathu kuno, ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku mu mzinda wa Harare, amafunsa za ufa wamankhwala uwu wa Gaviscon Infant khanda likamabweza mkaka, kulira ndi kupinda msana pambuyo poyamwa. Chimenechi n'chilungulira cha makanda. Kamnofu kotseka pakhomo pa chifu kamakhala kasanakhwime, ndiye mkaka wosakanikirana ndi asidi umakwera kummero. Ana ambiri zimawathera akamakwanitsa chaka.

Pa kubweza mkakako, ufawu umagwiradi ntchito. Muli alginate wochokera ku ndere za m'nyanja, amene amalimbitsa mkaka m'mimba kuti usamakwere. Asidi samuchotsa ayi.

Muyezo wake ndi uwu: mwana wosakwana makilogalamu 4.5 apatsidwe kapaketi kamodzi, woposa pamenepo tiwiri, osapitirira kasanu ndi kamodzi pa maola 24. M'mabokosi ena timapaketi timabwera tiwiritiwiri tolumikizana, ndiye chenjerani, kapaketi kamodzi kamene tikunena ndi kamodzi mwa tiwirito. Ngati mwana ndi woyamwa bere, sungunulani ufa wa kapaketi kalikonse mu madzi okwana 5 ml mpaka ukhale ngati phala, onjezani 10 ml ena, mumupatse ndi kasipuni pakati pa kuyamwa. Wa botolo, kapaketi kamodzi kalowe mu mkaka wosachepera 115 ml. Madziwo akhale owiritsa ndi kuzizira, kaya ndi a pampopi kaya a pamjigo.

Choipa chake chachikulu n'kudzimbidwa. Zimafika poopsa mukauphatikiza ndi mkaka wa m'chitini wochepetsa kubweza, wolembedwa AR, womwe ndi wolimba kale, chifukwa ziwirizi zikhoza kuumbika m'mimba. Mu ufawu mulinso mchere wa sodium, choncho si wa mwana wobadwa masiku asanakwane, wodwala impso, wotentha thupi kapena wotsegula m'mimba. Kutentha kwa mu Okutobala kuno khanda limatha madzi msanga. Liwombo likalowa, musamupatse.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi, amayi. Mwana wovutika kumeza amafanana ndi wa chilungulira, koma ufawu sumuteteza. Muonetsetseni akamayamwa. Akamatsamwa, kutsokomola, kutulutsa mkaka m'mphuno, mawu kumveka ngati muli madzi pakhosi, kapena milomo kuda, n'kutheka kuti mkaka ukulowera njira ya mpweya. Ena satsokomola n'komwe, mumangoona chibayo chobwerezabwereza ndi sikelo yosakwera. Wotere apite ku chipatala cha ana cha ku Sally Mugabe, komwe ambiri timati ku Gomo, kapena ku chipatala cha Parirenyatwa, akamuone mmene akumezera. Masanzi obiriwira, a magazi kapena othamanga patali, pitani tsiku lomwelo.

Timauyamikira pokhapokha adokotala alemba, ndipo muuyese sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati palibe kusintha, bwererani kwa iwo. Musanaugule yambani mwayesa kuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kumugeyetsa, ndi kumunyamula choimika kwa mphindi 20 mpaka 30 akatha kuyamwa. Bowo la nsonga ya botolo musalikulitse ndi singano, mkaka umathamanga kuposa mmene angamezere. Pogona agone chagada, pamalo osalala, popanda pilo.