Paketi ya NMN, resveratrol ndi kusala kwa 16:8, ndayiyesa koma musatumize ndalama

Anzanga angapo mwakhala mukundifunsa ku inbox za paketi ija akuti yotalikitsa moyo imene yadzadza m'mashopu a ma supplement kuno ku Joni, ena mpaka mukuti ndikutumizireni pa basi, nde ndaona kuti bola ndilembe pano kamodzi aliyense awerenge. Ndinagula ndi ndalama zanga, ndinamwa mpaka mabotolo kutha, pulani yosala kudya ndinayitsatira mmene analembera. Yankho langa ndi loti ayi.

Ndiyambe ndi zabwino poti zilipo. Shopu yake ndi yaukhondo, atsikana a pakauntala ndi aulemu, lisiti amapereka osachita kupempha. Mubokosi muli mabotolo awiri, la NMN (chinthu cha m'banja la vitamini B3) ndi la resveratrol (chinthu chopezeka m'makoko a mphesa), onse omata bwino, deti yothera ntchito ikuoneka, makapisozi savuta kumeza ndipo m'mimba sanandivute. Muli ndi kabuku konyezimira kofotokoza za 16:8, kuti maola 16 osadya kanthu kenako maola 8 ndi omwe udye. Mtengo nde unali wowawa pamene ndinkagula, wa mwezi umodzi wokha kudutsa R1,000, ndipo amakuuziratu kuti zotsatira zimabwera ukamamwa osalekeza.

Koma tatembenuzani botolo muwerenge timalemba tating'ono ta kumbuyoko. Alemba okha kuti mankhwalawa sanalembetsedwe ndipo bungwe la SAHPRA, lomwe limayang'anira mankhwala ku South Africa, silinawaunike za ubwino wake, chitetezo chake olo ntchito yake. Kutsogolo zilembo zikuluzikulu zoti ubwerera unyamata, kumbuyo chiganizo chimenecho choti munthu wa maso ngati anga mpaka kuyatsa tochi ya foni kuti uwerenge.

Pathupi panga makapisozi sindinaonepo kusintha kulikonse, tulo chimodzimodzi, mphamvu chimodzimodzi, BP mmene inalili. Kusala nde kunandiyesa, mmawa pantchito mutu waukulu, pena kachizungulire ukadzuka msanga pampando, nde ikakwana 12 koloko umadya ngati akuthamangitsa, madzulo mitanda ya nsima kuwonjezera. Sikelo inatsika pang'ono, zoona, koma ndikaona bwinobwino chimene chinachoka ndi tiyi wammawa wa masipuni atatu a shuga ndi buledi wa majarini, basi. Zimenezo munthu ungasiye osagula kabuku.

Chimene chandipweteka kwenikweni ndi kabukuko, chifukwa kakugulitsa mfundo zoti eni ake ena anazisiya kalekale ndipo sikakunena. Tengani Ethan Weiss, dokotala wa mtima yemwe panthawiyo anali ku University of California, San Francisco. Bamboyu ankasala 16:8 yekha kwa zaka, ankauzanso anthu kuti ayese. Kenako anachita kafukufuku weniweni, anthu 116, masabata 12, gulu lina kudya kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku, gulu lina kudya katatu patsiku. Zotsatira zinatuluka mu 2020, osala aja anatsika osafika olo kilo imodzi ndipo kusiyana kwawo ndi gulu linalo kunali kochepa koti sungakuwerengere. Choopsa nchoti mwa amene anawayeza thupi bwinobwino, gawo lalikulu la zimene zinachoka silinali mafuta, inali minofu. Weiss ataona zimenezi anasiya kusala, anayambiranso kudya mmawa. Mu 2022 ku Guangzhou, China, anayesanso anthu 139 kwa chaka chathunthu, onse anachepetsa chakudya koma theka anawonjezerapo lamulo loti azidya pa maola 8 okha, pamapeto magulu onse anaonda pafupifupi mofanana. Nkhani ndi kuchuluka kwa zimene wadya, wotchi sikuti ili ndi matsenga.

Peter Attia nayenso, dokotala uja wotchuka pa ma podcast, ankasala masiku angapo motsatizana, nthawi zina sabata yathunthu ndi madzi okha, koma anadzanena yekha kuti wasiya chifukwa minofu imamuthera ndipo phindu lake silimafanana ndi zimene amataya. Ankamwanso metformin, mankhwala a shuga aja omwe amayi athu ambiri amalandira kuchipatala, iye alibe shuga koma poganiza kuti atalikitsa moyo, anasiyanso kafukufuku ataonetsa kuti amachepetsa phindu la masewera olimbitsa thupi. Pano iye akulimbikira zonyamula zitsulo ndi kudya zomanga thupi zokwanira. Inetu nkhani ya minofuyi imandikhudza, tonse tawaona agogo athu akulephera kudzuka pamphasa okha, munthu ukamakula minofu imachepa yokha nde kuwonjezerapo dala sindikuona nzeru yake.

Za resveratrol nde nkhani yake ndi yakale kwambiri. Ndi ija ankati imapezeka mu vinyo wofiira, inatchuka chifukwa cha wasayansi David Sinclair wa ku yunivesite ya Harvard. Kampani yake ya Sirtris inagulidwa ndi GlaxoSmithKline, kampani yaikulu ya mankhwala, mu 2008 pa madola 720 miliyoni, ndalama zoopsa, koma pofika 2010 a GlaxoSmithKline anaimitsa kuyesa mankhwala a resveratrol aja ndipo mu 2013 anatseka ofesi ya Sirtris. Pulogalamu ya boma la America imene imayesa zinthu zoterezi pa mbewa m'malabu atatu osiyana inayesa resveratrol, mbewa sizinakhale moyo wautali. Kabuku ka mubokosi kakutchula Harvard kangapo konse koma za 2010 ndi 2013 zii. NMN nayo mbiri yake yabwino yambiri ndi ya pa mbewa, pa anthu kafukufuku amene alipo ndi wa anthu ochepa, wa nthawi yochepa, amaonetsa kuti chinthu china chotchedwa NAD chimakwera m'magazi, koma palibe anaonetsapo kuti munthu wakhala zaka zambiri chifukwa chomwa.

Olo Bryan Johnson, mpondamatiki wa ku America amene amawononga mamiliyoni a madola pachaka kuti asakalambe, anamwa rapamycin, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi amene ena amati amatalikitsa moyo, pafupifupi zaka 5 nkusiya mu 2024, ananena yekha kuti amadwala matenda a pakhungu nthawi ndi nthawi, shuga ndi mafuta a m'magazi zinasokonekera, mtima umagunda mothamanga ali phee. Ameneyu ali ndi madokotala omuyeza magazi nthawi zonse, ife tili ndi ndani?

Akatswiriwa ine sindikuwanyoza, munthu woti wayeza, waona kuti sizikuyenda, nkunena poyera kuti ndasintha maganizo, ameneyo ndimamupatsa ulemu. Mkwiyo wanga uli kwa ogulitsa, akugulitsabe matikiti a basi yoti dalaivala anatsika kale. Nditabwerera kushopu kukafunsa ngati akudziwa za kafukufuku wa 2020 uja, manejala anandiyankha mwaulemu ndithu kuti matupi amasiyana, mwina ine ndikufunika mlingo waukulu, nkundilozera botolo lina lodula kuposa loyamba. Sanakwiye, sanandithamangitse, koma funso langa sanaliyankhe.

China chimene sindingachisiye, chenjezo la odwala m'kabukumo ndi kamzere kamodzi kokha kumapeto. Abale anga, amene muli ndi shuga ndipo mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, kukhala maola 16 osadya kungagwetse shuga mpaka kukomoka. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana, amene mumamwa mankhwala ofuna kudya kaye, amene muli pa ma ARV kapena a BP, musayambe olo kusala olo makapisozi musanafunse kuchipatala kwanu. Pano sindikukamba za kusala kwa mapemphero ayi, Ramadan, Lenti, kusala kwa kutchalitchi, zimenezo zili ndi cholinga chake ndipo palibe amakugulitsa botolo.

Kodi 16:8 ndi yoipa kwa aliyense? Ayi, alipo anthu amene imawathandiza kusiya kutolatola zakudya usiku ndipo amaimva bwino, ngati ndinu mmodzi mwa iwo ndipo mulibe matenda, yesani, ndi yaulere, kungoti muzidya nyemba, mazira, usipa, mtedza zokwanira ndi kugwiritsa ntchito thupi kuti minofu isathe. Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4 pa ulemu wa ogwira ntchito ndi ukhondo wa shopu, 1 pa paketi yeniyeniyo. Amene mwagula kale koma simunatsegule, sungani lisiti mukafunse zobweza, kumene ndinagula ine anati zomata amalandira koma zotsegula ayi.