Patatha miyezi 14 ndili ndi pulogalamu yosinkhasinkha ya pafoni

Meseji ya kubanki inalowa ndili pamzere wa mafuta ku Area 18, kundidziwitsa kuti muakaunti mwanga mwachoka ndalama zoposa K120,000. Poyamba ndinayesa kuti akuba andilowerera, koma nditawerenganso mofatsa ndinaona dzina la kampani yakunja imene inandigulitsa pulogalamu ya pafoni yophunzitsa kusinkhasinkha kumene pa Chingerezi amati mindfulness. Nditangoigwiritsa ntchito masabata atatu ndinalemba ndemanga yoiyamikira kwambiri, ndipo anzanga awiri anagula chifukwa cha mawu angawo, choncho ndaona kuti nkoyenera ndibwerenso ndinene zimene ndaona nthawi itapitapo.

Ndinaigula mu October 2023, patatha miyezi ingapo bambo anga atamwalira. Ndinkaganiza kwambiri, ndinkadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku mtima ukuthamanga, ndipo kuntchito kumapeto kwa mwezi ndinkawerenga mzere umodzi wa manambala katatu osaumvetsa. Njira yosinkhasinkhayi si ya kampaniyo ayi. Anaikonza kuti izigwiritsidwa ntchito m'chipatala ndi Jon Kabat-Zinn mu 1979 ku University of Massachusetts ku America, ndipo maphunziro ake enieni amatenga masabata 8, munthu akumayeserera pafupifupi mphindi 45 tsiku lililonse. Chimene pulogalamuyi inachita ndi kudula zimenezo m'zidutswa za mphindi khumi, nkuzigulitsa madola 70 pachaka.

Mawu a wophunzitsa amamveka bwino, batire silitha msanga, ndipo phunziro loyendetsa maganizo m'thupi kuyambira kuzala zakumapazi mpaka kumutu linandithandiza kupeza tulo. Pa izi ndilibe dandaulo.

Chimene sindinayembekezere ndi kaphunziro kakang'ono ka mphindi zitatu, komwe poyamba ndinkakadumpha poganiza kuti nkachibwana. Kamachokera ku njira imene Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale anakonza pofuna kuteteza anthu amene matenda ovutika maganizo amawabwererabwerera. Mphindi yoyamba umangozindikira zimene zili m'maganizo ndi m'thupi, yachiwiri umatsatira mpweya ukamalowa ndi kutuluka, yachitatu umamvetsera thupi lonse. Tsiku lina ndili mu minibasi imene inaima nthawi yaitali pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, titapanikizana, kondakitala akukangana ndi mayi wina pa nkhani ya chenje, ndinamva chifuwa chikuthina monga chinkachitira usiku. Foni sindinaitulutse nkomwe. Ndinangoona kuti zala zanga zafinya chikwama mpaka kuwawa, ndinazimasula, nkuyamba kutsatira mpweya. Nkhawayo sinachoke, koma inasiya kukula, ndipo pofika ku depoti ndinatsika miyendo isakunjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo ndakachita kambirimbiri, mumsonkhano, pamzere wa kubanki, ngakhale m'tchalitchi mapemphero asanayambe.

Vuto limene landitopetsa chaka chonse ndi kawerengedwe ka masiku. Pulogalamuyi imawerenga masiku amene wasinkhasinkha motsatizana osadumpha, ndipo madzulo alionse imatumiza uthenga wokukumbutsa kuti nambala yako ili pangozi. Ndinafika masiku 112, ndipo ndikuvomereza mwamanyazi kuti masiku ena ndinkangoyatsa phunziro foni ili m'thumba ndikutsuka mbale, kuti nambalayo isagwe. Kenako kunagwa maliro a azakhali kumudzi ku Ntcheu. Maphunziro ndinali nditawakopera kale mufoni, koma usiku woyamba pasiwa, nditatuluka kuseri kwa nkhokwe kuti ndipume pang'ono, pulogalamuyo inakana kutseguka, ikufuna intaneti kuti itsimikize kuti ndinalipiradi. Netiweki kumeneko imagwira ukakwera pachulu, ndipo ine, munthu wamkulu, ndinapezeka ndili pachulu mumdima ndikuimika foni m'mwamba, nyimbo zamaliro zikumveka m'nyumba. Nditabwerera m'tauni nambala inali pa ziro, pamodzi ndi uthenga wondilimbikitsa kuti ndisataye mtima. Chinthu chimene ndinagula kuti chindichotsere nkhawa chinali chitandipangira nkhawa yakeyake. Ndinalembera kampaniyo kawiri kufunsa ngati nkotheka kubisa nambalayo, ndipo kawiri konse yankho linali lofanana liwu ndi liwu.

Pa nkhani ya kuvutika maganizo ndiyenera kusamala, chifukwa m'ndemanga yoyamba ija ndinalonjeza zambiri. M'miyezi yozizira ndinafika poti kudzuka pabedi kunali ntchito, ndipo kukhala chete mphindi khumi kunkangobweretsa nkhope ya bambo anga ali m'chipatala. Chimene chinandidzutsa pamenepo ndi kukaonana ndi achipatala a zamaganizo, amene anandimvetsera, nkundilangiza kuti ndisiye kaye maphunziro aatali aja. Pulogalamuyo payokha inalibe njira yodziwira kuti zinthu zafika poipa, inkangondiyamikira kuti ndabweranso.

Tsopano za ndalama. Pamene ndinkagula, madola 70 anali pafupifupi K83,000. Mwezi wotsatira, mu November 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola nkuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kotero kuti pamene kampaniyo inadula yokha malipiro a chaka chachiwiri, chinthu chomwecho chinandidyera ndalama zina pafupifupi K40,000 popanda chowonjezera chilichonse. Kugwa kwa kwacha si mlandu wa kampaniyo, koma kudula ndalama pakhadi langa popanda kundichenjeza ndi mlandu wawo. Iwo akuti anatumiza imelo, ine ndafufuza paliponse osaipeza. Titalemberana kwa miyezi iwiri anakana kubweza ndalamazo, nkundilonjeza kuti chaka chamawa adzandichotserako theka la mtengo.

Masiku amene ndagona bwino ndimaona kuti K83,000 yoyamba ija sinapite pachabe, popeza ndi imene inandiphunzitsa mphindi zitatu zija. Ndikakumbukira meseji ya pamzere wa mafuta ndimaona kuti chaka chachiwirichi ndalipira chinthu chimene ndili nacho kale m'mutu. Mnzanga mmodzi mwa awiri aja anandifunsa sabata yatha ngati apitirize, ndipo ndinamuuza kuti ayambe wapita koletsa kulipira kongodzichitikira, chifukwa batani lake analibisa mkati mwenimweni ndipo ine linanditengera theka la ola kuti ndilipeze. Langa ndinaletsa kale, ndipo pulogalamuyo idzatseka yokha chaka chimene ndinalipirachi chikatha.