Madzi amchere okha kapena othira steroid mukachoka ku opaleshoni ya mphuno?

Anzanga a masainasi, ine anandipanga opaleshoni ku Lilongwe pochotsa tinyama tomera m'mphuno tija adokotala amati ma polyp, ndipo njira ziwiri zonsezi ndadutsamo kuno ku Salima.

Madzi amchere ntchito yake ndi kutsuka basi. Sabata zoyamba m'mphuno mumadzadza nkhanambo ndi magazi ouma, kumina mwamphamvu amaletsa, ndiye umatenga botolo lofinya la 240 ml, kuwerama pa beseni pakamwa pali yasa, kufinyira mbali imodzi madzi nkumatulukira mbali inayo, zimene zimagwera m'besenimo zakuda bii ngati matope. Mchere wake ndi wa 0.9%, magalamu 9 pa lita, ukapyola apo kwambiri umawawa. Timapaketi ta mchere wosakaniza kale ta kampani ya NeilMed tikasowa ndimasakaniza ndekha, theka la kasipuni ka tiyi ka mchere m'botolomo ndi kasoda pang'ono, yemwe uja wa therere. Ndalama sizilowa kwenikweni.

Steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) amene anandilembera ndi budesonide, timabotolo ta 0.5 mg mu 2 ml topangidwira a asthma, umathira m'botolo lomwe lija. Iyeyu amaphwetsa kutupa kuti tinyamato tisamerenso msanga, ndipo amalowa mkati mwenimweni momwe sipuleyi wongopopera safika bwino. Ine fungo linabwerera ndili pa ameneyu, tsiku lina ndikudutsa pamsika ndinangomva chambo chowamba, ndinaima kaye. Koma ndi wodula, ine ndimachita kuitanitsa ku Lilongwe, nthawi zina timagazi timatuluka, ndipo amene muli ndi matenda a maso a glaucoma muwauze adokotala asanakulembereni. Osagula nokha chifukwa mnzanu zamuyanja ayi.

Kwa ine, ngati munalibe tinyama, amchere okha kawiri patsiku akukwanirani, makamaka fumbi la mu Okutobala likayamba. Ngati munali nato, funsani za budesonide pa tsiku la review, lokaonananso ndi adokotala.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi madziwo. A m'nyanja ku Senga Bay musayerekeze, m'madzi ofunda osawiritsa mumatha kukhala kachilombo ka Naegleria fowleri kamene kamalowera m'mphuno kukafika ku ubongo, nkosowa koma kamapha. A pa mjigo kaya a pampopi omwe, awiritseni abwate mphindi imodzi, azizire mpaka ofundirako, botolo mutsuke ndi sopo nkuliyanika pamalo pouma.