DHT11, DHT22 kapena BME280 pa Raspberry Pi, nanga tigule kati?

Anzanga, chaka chatha ninapanga incubator ya mazira a nkhuku kuno ku Chipata, filiji yakufa chabe na babu mkati, kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi ndiye mlonda. Masensa atatu onsewa, oyeza kutentha ndi chinyezi, ninawayesa.

DHT11, kaja kabuluu kotchipa. Kophunzirira kali bwino, koma kamaphonya mpaka 2°C, manje mazira amafuna 37.5°C, kakakuuzani 37 mwina mkati muli 39 anapiye akupsa inu muli phee kumwa tiyi. Chinyezi kamaphonyanso 5%. Kasiyireni ana a sukulu.

DHT22 koyera kaja kamaphonya theka la digiri chabe, chinyezi kamawerenga kuyambira 0 mpaka 100, ndipo kamalola waya wautali, Pi ili m'nyumba sensa ili kukhola, zimatheka. Koma vuto lake ni limodzi na la mng'ono wake DHT11. Timasensa tonse tiwiri timalankhula pa waya umodzi, 0 na 1 zimasiyana pa ma microsecond, ndiye Linux, pulogalamu yoyendetsa Pi, ikangotembenukira ntchito ina kamphindi basi uthenga waduka, pa sikirini checksum error, kutanthauza kuti manambala afika olakwika, mwina katatu motsatizana, ine usiku wina ninakhala pansi na tochi mkamwa kusuntha mawaya kuganiza kuti ninalumikiza molakwa pomwe ni khalidwe lake chabe. Ikani resistor ya 10k pakati pa data na 3.3V ngati bolodi yanu ilibe, musakafunse masekondi 2 asanathe, ndipo code izibwereza ikalephera. Olo dtoverlay=dht11, mzere wotsegula driver ya DHT11 mu config.txt ya Pi, imagwiranso pa DHT22, dzina lisakusokonezeni.

BME280 ya Bosch ndiye yandipatsa tulo. Imayenda pa I2C, njira yolankhulirana ya mawaya awiri, SDA pa pin 3, SCL pa pin 5, mwatsegula mu raspi-config, mwalemba i2cdetect -y 1, mukaona 76 kapena 77 yafika. Nthawi imasungidwa na hardware, osati kudikira Linux, ndiye zolephera zija kulibe. Imakupatsaninso pressure ya mpweya ngati basela. Waya wokha ndiwo usatalike, I2C siikonda mtunda, ndipo sensayo imadzitenthetsa pang'ono mukamaifunsa pafupipafupi, ine nimawerenga kamodzi pa miniti.

Chenjerani pogula. Yanga yoyamba ninaitanitsa pa intaneti, masabata kudikira, kufika ni BMP280, nkhope imodzi koma chinyezi siiwerenga ayi. Werengani chip ID, nambala yosonyeza mtundu wa sensa, 0x60 ndiye BME280, 0x58 akudyerani. Pa mazira chinyezi si nkhani yosewera, masiku 3 omaliza pa 21 aja chimafunika kukwera kufika cha m'ma 65-70%, nanga kuuma kwa October kuno kambale kamadzi kamaphwa musanadziwe.

SHT31 ya Sensirion sinaigwirepo m'manja, ili pa I2C yomweyo, adiresi yake 0x44, papepala imaposa BME280 pa kutentha. DHT22 yanga manje ili m'chipinda cha nshawa, kumeneko ikaphonya kawiri palibe amafa.