Costume Quest, Cthulhu Saves Christmas kapena Stardew Valley: mwana wanu muyambe kumugulira iti?

Sukulu zikatsekera kumayambiriro kwa Disembala, ana a mabanja amene sakwera basi yopita kumudzi amakhala m'nyumba mpaka pakati pa Januwale, makolo tili kuntchito. Ndiye funso limabwera: kodi pa laputopu kapena pa foni tiwaikire chiyani chomwe chilibe magazi ndi zolaula, komanso chosatha data? Magemu atatu awa ndi a mtundu wa RPG, uja woti umatenga munthu mmodzi wa m'nkhani, kuyenda naye, kucheza ndi anthu, kumenya nkhondo, mphamvu zake zikukwera pang'onopang'ono. Onse ali ndi chikondwerero mkati mwake. Koma musasankhe poona zokongoletsa. Chofunika ndi msinkhu wa mwana, Chingerezi chomwe amatha kuwerenga, ndi zomwe zimachitika magetsi akathima gemu ili pakati.

Costume Quest inatuluka mu 2010, yopangidwa ndi kampani ya Double Fine. Nkhani yake ndi ya Halloween, usiku wa pa 31 Okotobala pamene ana a ku America amavala zigoba n'kumagogoda m'makomo kupempha maswiti. Ana athu kuno ku Joni amazionera m'mamolo ndi m'madera ena a anthu ochita bwino, choncho si zachilendo kwa iwo ngati mmene zilili kwa ife. Mwana amasankha mmodzi mwa mapasa, Reynold kapena Wren. Winayo, yemwe wavala ngati switi, amagwidwa ndi zilombo zakuba maswiti, ndipo ntchito ndi kukamuwombola kudutsa madera atatu: mudzi wawo, molo yaikulu, ndi malo a zisangalalo kumidzi.

Kaseweredwe kake nkosavuta. Ukagogoda pakhomo, amatsegula ndi munthu wamkulu wokupatsa maswiti kapena chilombo. Chikakhala chilombo, chovala cha makatoni chija chimasanduka chenicheni: loboti yaikulu kuposa nyumba, kapena msilikali wa chishango. Nkhondo yake ndi yodikirana, iwe umenye, mdani amenye, koma pamafunika kudina batani lomwe laoneka pa sikirini pa nthawi yake kuti nkhonya ilimbe kapena kuti utchinge. Apa ndi pamene ana aang'ono amakakamira akamagwiritsa ntchito kiyibodi, chifukwa maso ali pa sikirini, chala chikusakasaka chilembo. Kontirola ya Xbox yolumikiza ndi USB imathetsa vutoli. Chovala chatsopano chimafuna pepala la kasokedwe ndi zipangizo zitatu zobisika m'deralo, ndipo zovala zina zimagwira ntchito poyenda: loboti ili ndi nsapato zamatayala zokwerera pamalo otsetsereka, chishango chimatchinga zogwa kuchokera kumwamba. Mwana akati "ndasochera", kawirikawiri ndiye kuti wavala chovala cholakwika kapena pali khomo limodzi lomwe sanagogode, pakuti njira yopita kutsogolo sitseguka makomo onse asanathe.

Imatha m'maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo ya pa kompyuta imabwera ndi gawo lowonjezera la nyengo yozizira lotchedwa Grubbins on Ice. Mkatimo mulibe mawu omveka, zonse ndi zolembedwa m'Chingerezi, ndipo zina zimachoka zokha mwana asanamalize kuwerenga. Wa Giredi 2 amafunika mkulu wake pambali. Chinthu china choti makolo opemphera achidziwiretu: mtsogoleri wa zilombozo ndi mfiti yaikazi dzina lake Dorsilla. Ndi katuni yoseketsa, yosaopsa, koma pali makomo amene mawu oti mfiti okhawo ndi okwanira kuti laputopu itsekedwe, ndipo ndi bwino kusankha musanalipire kusiyana ndi kulanda gemu mwana ataikonda kale. Yachiwiri yake, Costume Quest 2 ya mu 2014, mdani ndi dokotala wa mano wodana ndi maswiti, koma ndi yovutirako chifukwa moyo sudzadza wokha nkhondo ikatha. Umabwerera kukamwa madzi pa mpope. Yambani ndi yoyambayo.

Cthulhu Saves Christmas, ya Zeboyd Games, inatuluka mu Disembala 2019. Dzina limanyenga. Ndi ya Khirisimasi ndithu, Santa wabedwa ndi gulu la oipa, ndipo wopita kukamupulumutsa ndi Cthulhu, chilombo cha m'nyanja cha m'nthano zoopsa, limodzi ndi Crystal mdzukulu wa Santa, komanso Baba Yaga ndi Belsnickel a m'nthano za ku Ulaya. Zithunzi zake ndi za timadontho ngati magemu a m'ma 1990, ndiye laputopu yakale siivutika nayo. Nkhondo zake ndi zoganiza kuposa za Costume Quest: luso ukaligwiritsa ntchito limatsekeka mpaka utapumitsa munthuyo kuti zonse zibwerere, ndipo maluso ena amabwera mwamwayi, moti sungadalire nkhonya imodzi yomweyo mpaka kumapeto. M'dera lililonse nkhondo zadzidzidzi zili ndi malire, zikakwana umayenda mwaufulu. Vuto ndi loti theka la kukoma kwake lili m'nthabwala, ndipo nthabwalazo zimaseka magemu ena akale ndi miyambo ya Khirisimasi ya ku Ulaya imene mwana wa zaka 8 saidziwa. Iye amangodina kudumpha mawu, n'kutsala ndi nkhondo zomwe sakuzimvetsa. Iyi ndi ya wa kusekondale, kapena ya bambo amene anakulira pa magemu a makatiriji.

Stardew Valley si yaing'ono kwenikweni, ndipo si ya chikondwerero chimodzi, koma ndi yomwe ambiri angathe kuifikira chifukwa ilipo pa Android ndi iPhone. Anailemba munthu mmodzi, Eric Barone, ndipo inatuluka mu 2016. Umalandira munda wa agogo, kulima, kuweta nkhuku, kuwedza, ndi kutsika mumgodi wa nsanjika 120 momwe muli tizilombo tomenyana nato. Mwana wobadwira ku Rosettenville yemwe sanagwirepo khasu amaphunziramo kuti mbewu ikapanda kuthiriridwa sikula, ndipo ukabzala mochedwa nyengo ikasintha imafota, ndalama ya mbewu yapita.

Amene akuigula chifukwa cha Khirisimasi awerengere bwino. Chaka cha mu gemu chili ndi nyengo zinayi za masiku 28 iliyonse. Phwando lofanana ndi Khirisimasi, lopatsana mphatso mobisa, limachitika pa tsiku la 25 la nyengo yomaliza, yozizira, kutanthauza tsiku la 109 chiyambire. Tsiku lathunthu limatenga mphindi pafupifupi 14, ndiye ndi maola oposa 20 mwana asanaone mtengo wa Khirisimasi, pokhapokha azigona msanga. Akayamba sukulu zitangotseka n'kumasewera ola limodzi ndi theka patsiku, afikako nthawi yabwino. Akayamba pa 24 Disembala, iwalani. Mulinso malo omwera mowa, anthu awiri a m'nkhani ali ndi vuto la mowa, ndipo wosewera angathe kufunsira ndi kukwatira, choncho wa zaka zosakwana 10 musamangomusiyira.

Pa nkhani ya magetsi, zitatuzi zimasiyana kwambiri. Kaya ndi kuzima kwa Eskom, waya wabedwa, kapena mayunitsi atha, Stardew ya pa kompyuta ndi pa konsolo imasunga zomwe wachita pokhapokha munthu wako akagona usiku. Magetsi akapita madzulo a mu gemu, tsiku lonselo latayika, ndi nsomba zomwe. Ya pa foni imasunga yokha, ndipo foni ili ndi batire. Costume Quest ili ndi malo ake osungira, ndiye muphunzitseni mwana kusunga nthawi iliyonse akadutsapo. Laputopu ya batire yamoyo ndi yabwino kuposa kompyuta ya padesiki yopanda UPS, batire yosunga magetsi akathima. Ndipo mitambo ya masana a Disembala ikayamba kuda, zulani chaja kukhoma, chifukwa mphezi za kuno zimawotcha zipangizo.

Pakhomo pa ana awiri kapena atatu, Stardew yokha ndi yomwe imalola kusewera limodzi pa sikirini imodzi yogawika, pa kompyuta kapena konsolo, bola pakhale kontirola yachiwiri. Zinazo ndi za munthu mmodzi, ngakhale Costume Quest imagawika bwino: khomo ili Chisomo, khomo linalo mng'ono wake.

Zonse zitatu zili pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, komwe mitengo imaoneka m'marandi ndipo imatsika kumapeto kwa Okotobala ndi m'masabata omaliza a Disembala. Stardew imafuna malo okwana 500 MB, Costume Quest pafupifupi 1 GB, ndiye bandulo ya usiku ikwana. Mukadawuniloda, tsegulani gemuyo kamodzi intaneti ilipo, kenako ikani Steam pa offline kuti isamadye data ndi ma update. Steam imabweza ndalama ngati simunadutse masiku 14 chigulire ndipo mwasewera maola osakwana awiri, choncho ola loyamba khalani pambali pa mwanayo muone ngati akutha kuwerenga. Wa zaka 7 mpaka 11 yemwe ali ndi laputopu ndi kontirola, Costume Quest. Ngati chipangizo chili pakhomo ndi foni yokha, Stardew Valley, ndipo ayambe sabata yomwe sukulu zatseka.