Kayezedwe ka kafukufuku ku South Africa, Britain ndi Netherlands

Inu amene mukufuna kukaphunzitsa pa yunivesite ya kunja, musathamangire kufunsa za malipiro okha. Funsaninso kuti kumeneko kafukufuku amamuyeza bwanji, chifukwa muyezowo ndi umene udzakusankhirani zolemba.

Ku South Africa amawerengera kuchuluka kwa mapepala a kafukufuku amene asindikizidwa. Boma limapereka ndalama ku yunivesite pa pepala lililonse lotuluka mu journal (magazini yosindikiza kafukufuku wa akatswiri) yovomerezedwa ndi dipatimenti ya maphunziro apamwamba, DHET. Padera pa zimenezo, bungwe la boma lothandiza kafukufuku, NRF, limayika munthu payekha pa mlingo: A ndi wotsogola padziko lonse, B wodziwika kunja, C wokhazikika, pamene P ndi Y ndi achinyamata amene akubwera bwino. Ubwino wake ngwakuti zonse zili poyera, wolimbikira amaona phindu msanga. Koma mnzanga wina wophunzitsa kumeneko anandionetsa kafukufuku wake mmodzi wa matenda a chimanga atamuduladula kukhala mapepala atatu, lililonse loonda ngati nkhuku ya m'chilala. Sindimuweruza, ndi mmene ndalama imabwerera. Njala yomweyo ndi imene imanenepetsa ma journal achinyengo, amene amasindikiza chilichonse bola walipira.

Ku Britain kuli muyezo wa kafukufuku wa m'mayunivesite wotchedwa REF, umene unalowa m'malo mwa muyezo wakale, RAE, mu 2014. Sayeza munthu, amayeza gulu la ofufuza pa phunziro limodzi. Akatswiri anzawo amakhala pansi nkuwerenga ntchitoyo, kenako amapereka nyenyezi, zinayi ndiye pamwamba. Mu REF ya 2021 mayunivesite 157 analowa. Zolemba zinatenga malikisi 60 pa 100, phindu la kafukufukuyo kwa anthu 25, malo ogwiriramo ntchito 15. Gawo la 25 limenelo ndi limene limandigwira mtima. Yunivesite iyenera kulemba nkhani yooneka ndi maso, ndi umboni wake: lamulo ili linasintha chifukwa cha ife, odwala awa akuchira msanga chifukwa cha zomwe tinapeza. Munthu wofufuza za madzi a m'zitsime kapena kaphunzitsidwe ka ana m'chinenero chawo akhoza kuwala pamenepa, ngakhale dzina lake silimveka m'ma journal otchuka. Vuto ndi mtengo. REF ya 2021 inadya mapaundi pafupifupi 471 miliyoni, ndipo aphunzitsi amatha miyezi akudzaza mafomu m'malo mofufuza.

Netherlands ndi yofatsa. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zilizonse, gulu la ofufuza limalemba lokha zolinga zake ndi mmene layendera, kenako komiti ya akatswiri ochokera kwina imabwera kudzaona ndi kulangiza. Ndondomeko yawo, SEP, imakana kuyeza ntchito ndi kutchuka kwa journal, ndipo zotsatira sizigawa ndalama za boma mwachindunji. 

Ngati ndinu wongoyamba kumene ndipo mukufuna dzina msanga, South Africa idzakukwezani, bola musagwe m'msampha woduladula. Ine kafukufuku wanga ndi wa pang'onopang'ono, wokhala pamkeka ndi alimi nyengo zitatu kapena zinayi ndisanalembe kalikonse. Ndikadasankha Netherlands, ndipo pobwerera kwathu ndikadabwereka ku Britain chinthu chimodzi chokha, funso lija lakuti kodi anthu apindula chiyani.