SAMRC kapena Wellcome: Wofufuza wa ku Johannesburg Apemphe Kuti?

Thandizo la Self-Initiated Research la SAMRC, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la South Africa, ndi lochepa: mpaka R200,000 pachaka kwa zaka 3. Zimakwanira kuyeza magazi ndi kulipira wothandiza mmodzi. Mmalawi amakodwa apa: SAMRC imafuna nzika ya South Africa kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika.

Early-Career Award ya Wellcome, bungwe la ku London, ndi ya ofufuza ongoyamba kumene: imapereka malipiro anu komanso mpaka £400,000 ya kafukufuku, kawirikawiri kwa zaka 5. Komatu mpikisano wake ngwa mayiko ambiri, ndipo funso lofufuza likakhala lotambalala amalikana msanga.

Konseku pempho limadutsa ku ofesi ya kafukufuku, monga ya yunivesite ya Wits ku Johannesburg, yomwe imatseka tsiku lomaliza la opereka ndalama lisanafike. Ena amagwa pomwepa, bajeti isanasainidwe.